Khadi la mlongo wanga litadindidwa katatu

Ntchito yanga pa fakitale ya zitseko ndi mafelemu a mawindo ku Donnington, mumzinda wa Bulawayo, inali yokonza zolakwa za anthu ena. M'makalata a kampani ndinali kalaliki wa maola, koma pansi pa shedi aliyense ankangonditcha mabhalane, dzina limene akuluakulu a m'migodi ankapatsa aliyense wogwira cholembera. Wantchito aliyense anali ndi khadi lake. M'mawa ankalilowetsa m'makina a pakhoma pafupi ndi geti, makinawo n'kudinda nthawi, madzulo chimodzimodzi. Mwezi ukamatha makhadi onse ankabwera pa tebulo langa kuti ndiwayeretse asanakwere kwa mayi wa malipiro, amene ankatseka zonse Lachitatu masana ndipo sankadikira munthu ngakhale atalira chotani.

Zolakwa zake zinali zomwezomwezo mwezi ndi mwezi. Wina waiwala kudinda madzulo chifukwa chothamangira khombi, minibasi ya kuno. Wina wasiya magalasi kunyumba n'kudinda khadi la mnzake. Magetsi akazima, wotchi ya makinawo inkapenga, anthu onse n'kuoneka ngati anabwera kuntchito kusanache. Ena ankalowetsa khadi kawiri poganiza kuti ulendo woyamba silinalire. Ine ndinkatsika ndi mulu wa makhadi, kufunsa uyu, kukalipira uyo, kudula mzere apa, kulemba nthawi yoona apo, kenako kapitawo n'kusayina pambali. Sabata yomaliza ya mwezi mpando wanga sunkatentha.

Kunena zoona, mumzinda uno sindinakhalepo pansi ndi mtima wonse. Tinachoka ku Ntcheu ndi bambo a mwana wanga tikupita ku Joni, Bulawayo anangokhala poima kuti tipume. Iwo anatsogola kuti akakonze malo, ndipo mpaka lero akukonzabe, ayenera kuti akumanga nyumba yosanja. Ine ndinatsala m'zipinda ziwiri za lendi ku Nketa, ndikutunga madzi m'zigubu tsiku limene mpopi watulutsa, ndikudziuza chaka chilichonse kuti chaka chamawa ndisankha, kaya kum'mwera kaya kumudzi.

Mlongo wanga wamng'ono anabwera m'nyengo yozizira, atavala jekete lopyapyala, akunjenjemera koma akuseka. Ndi mnyamata wamanja abwino, ndipo ali ndi pakamwa poti mungamukwiyire m'mawa, masana mukugawana naye chakudya. Ndinamupezera malo pa benchi yopala matabwa. Sikunali kophweka. Ndinachonderera kapitawo, bambo wachindebele wa ku Mpopoma wosakonda zoyankhula zambiri, mpaka ndinadzimvera chisoni. Pa geti pathu m'mawa uliwonse pankaima amuna ambirimbiri, manja m'matumba, kudikira kuti mwina wina wadwala kapena wathawa. Ambiri mwa ogwira ntchito m'shedi anali a kontrakiti ya mwezi umodzi. Mayi wa malipiro akatseka mwezi, ankatulutsanso mayina a opitiriza, ndipo amene khadi lake laonetsa kuti wasowa osanena, dzina lake silinkabwereranso. Malo ake ankapita kwa mmodzi wa apageti tsiku lotsatira.

Tsono kwathu kuli mwambo umene sunalembedwe paliponse koma aliyense amaudziwa. Ulendo wa ku Joni munthu satsanzika. Ena amati ukanena, anthu ansanje amakutchingira njira. Ena amaopa manyazi oti akabwezedwa adzasekedwa. Chifukwa chake chikhale chilichonse, munthu amadzuka, kusamba, kupereka moni ngati masiku onse, kenako n'kuzimiririka. Ndipo otsala, ngakhale atadziwa, sakamba. Kuno ku Bulawayo, kumene malire ali pafupi, mwambowu tinkaugwira mwamphamvu kuposa kumudzi komwe.

Lachisanu lomaliza la mwezi wina tinakwera khombi imodzi ndi mlongo wanga, iye akundiseka kuti ndimayenda ngati ndikuthamangitsidwa. Madzulo sanabwere. Nditasuzumira kunsi kwa bedi lake, chikwama chake munalibe, nsapato zake za kutchalitchi munalibe. Foni yake inali yothima. Sindinafunse munthu. Ndinadziwa.

Loweruka ndi Lamlungu limenelo ndinasowa pokhala. Ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinachapa makatani amene sanade. Ndinakwera khombi kupita m'tawuni kumene amaima omalayitsha, aja onyamula katundu ndi anthu kupita nawo kum'mwera, ndinazungulirazungulira pakati pa matilela ngati ndili ndi katundu woti nditumize, kenako ndinabwerera osafunsa kanthu. Kutchalitchi ndinaimba nyimbo pakamwa pokha. Ndinali ndi mantha, komanso ndinapsa mtima kwambiri. Munthu ndinamugwadira kwa kapitawo, iye n'kungosiya benchi ngati akusiya mbale yodyera.

Lachiwiri m'mawa ndinatola makhadi onse pakhoma kuti ndiyambe kuwayeretsa. Khadi la mlongo wanga ndinaliika pansi pa mulu, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikapeza mabokosi opanda kanthu ndipo sindinkafuna kuwaona msanga. Nditalifikira, ndinangoti kakasi. Lachisanu analowa koma sanatuluke, zimenezo ndinkaziyembekezera. Koma Lolemba khadilo linkati munthuyu analowa katatu, manambala atakwerana mpaka inki kuda bii. Madzulo anatulukanso katatu. Lachiwiri lomwelo m'mawa anali atalowanso katatu. Munthu amene sanaponde pa geti anali wakhama kuposa fakitale yonse.

Ndinaseka ndekha muofesi, kuseka kwa munthu amene zamuthina. Kenako thukuta linayamba, chifukwa kudinda khadi la mnzako linali tchimo lochotsetsa ntchito tsiku lomwelo, popanda kukambirana.

Sindinavutike kuganiza kuti ndi ndani. Omva Chichewa pa fakitale tinali owerengeka. Ndinayamba ndi bambo wina wachikulire wa ku Chipata, wodula magalasi, amene ankamutenga mlongo wanga ngati mwana wawo. Ndinawakokera kuseri kwa mulu wa matabwa.

"Atate, khadi ili mukulidziwa?"

Anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zawo, kenako anatsitsa mawu. "Mayi, musakweze. Ndangomusungira malo mwanayo. Njira ija ndi yovuta, akhoza kubwerera. Palibe wandiona, ndachita ndekha mwakachetechete."

"Nokha?"

"Ndekha. Nkhani zotere sauza munthu."

Wachiwiri anali bambo wa ku Mangochi, wowotcherera zitsulo, Msilamu wosaphonya Lachisanu kumzikiti, munthu amene sankatola ngakhale msomali wa kampani. Atandiona ndi khadi m'manja anavula chigoba cha kumaso n'kupukuta chipumi.

"Chemwali, Mulungu andikhululukire, bodza sindilikonda. Koma ndinaona benchi ili yokha, mtima unandipweteka. Ndinati ndidinde masiku ochepa mpaka timve. Osadandaula, palibe amene akudziwa."

Wachitatu ndinachita kumuganizira pang'ono. Anali mtsikana wa kopakira katundu, wobadwira ku Mabutweni, mdzukulu wa anthu a kwathu amene anabwera kale pa sitima. Chichewa amamva chonse koma poyankhula chimamuthawa. Ndinali nditaona kale kuti nthawi ya tiyi ankapezeka kufupi ndi benchi yopala matabwa popanda chifukwa chomveka. Ndisanamalize funso, misozi inali italengeza.

"Hayi sisi, ine sindinafune ukuthi ataye umsebenzi. Ndinadinda ekuseni, anthu asanachuluke. Ndine ndedwa, ngiyafunga." Ankatanthauza kuti sanafune kuti ntchito imuthere, ndipo anadinda m'mamawa ali yekha.

Anthu atatu, aliyense akulumbira kuti ali yekha. Bwenzi atangonong'onezana, mmodzi n'kudinda, khadi likanakhala loyera ngati la m'busa. Koma za ulendo wa munthu sitikambirana, ndiye aliyense anabisira mnzake chifundo chake, n'kukadinda pamwamba pa chidindo cha wina osayang'ana n'komwe, chifukwa wakuba nthawi sachedwa pa makina.

Ndinabwerera kuofesi. Chimene chinandisautsa n'chakuti njira yophweka inalipo, ndipo inali ntchito yanga ya masiku onse. Khadi lodindidwa kawiri ndinkadula mzere pa chidindo chowonjezera, n'kusiya chimodzi. Apa ndikanadula ziwiriziwiri, n'kulemba nthawi yotuluka Lachisanu ngati munthu anangoiwala, basi mlongo wanga ali pantchito, dzina lake lituluka pa opitiriza, benchi imudikira. Ndinatenga rula, ndinaiika pakhadi, ndinaichotsa. Ndinatuluka kukamwa madzi ndilibe ludzu. Ndinaimba foni yake, mayi wa mufoni uja n'kundiuza zomwezo za masiku onse. Ndinayeretsa makhadi ena onse mwaukali, mpaka bambo wina amene anangoiwala kudinda madzulo amodzi ndinamulalatira ngati wapha munthu. Ndinabwereranso pa khadi lija, ndinaliyang'ana, ndinalitsekera m'dirowa.

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba osadziwa kuti ndadutsa njira iti. Mwana wanga anandifunsa kuti amalume abwera liti, ndinamuuza kuti achite homuweki.

Lachitatu m'mawa ndinauza atatu aja kuti asayandikirenso makinawo ndi khadi la munthu wina, kenako ndinapita kwa kapitawo ndi mulu woti asayine. Anasayina onse mosafulumira, akunyowetsa chala ndi malovu. Khadi la mlongo wanga ndinali nditaligwira padera, losakhudzidwa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Umnawakho ungaphi, sisi?" anandifunsa kuti mlongo wanga ali kuti.

"Angazi, baba," ndinayankha kuti sindikudziwa.

Anagwedeza mutu. Anati nawonso ana ake awiri anapita chimodzimodzi, mmodzi anasiya ngakhale tiyi pa tebulo. Kenako analankhula pang'onopang'ono, kusakaniza Chindebele ndi Chingerezi kuti ndisaphonye kanthu. Anati iye asayina chimene ine ndilembe, chifukwa cholembera ndi changa. Koma bwana wa fakitale anadutsa m'shedi Lolemba ndipo anafunsa kuti benchi iyi ilibe munthu bwanji. Khadi likakwera likunena kuti munthuyo anagwira ntchito, bwanayo akumbukira, afunsa amene anadinda, ndipo pamwamba pa makina aja pali kamera imene saiyang'ana pokhapokha pakhale chifukwa. Pamenepo apita atatu, ine wachinayi. Koma khadi likakwera likunena kuti munthuyo anachoka Lachisanu, palibe amene amataya nthawi ndi khadi la munthu wochoka.

"Khetha, sisi," anatero, kuti ndisankhe. Anandibwezera khadi n'kubwerera ku makina ake.

Ndinakwera masitepe, ndinatsika, ndinakweranso. Ndinaima pa khonde la ofesi kuyang'ana m'shedi. Bambo a ku Chipata anali ataweramira galasi, akulidula mosamala ndi manja awo okalamba. Kunyumba kwawo ankalera adzukulu amene makolo awo anamwalira. Bambo wa ku Mangochi mkazi wake anali woyembekezera. Mtsikana uja ndiye ankadyetsa agogo ake. Ndipo kwinakwake pa msewu wa kumalire ku Beitbridge, kapena kutsidya, kapena m'chitolokosi, kapena m'madzi, kunali mwana wa mayi anga amene ndinamubereka kumsana ali khanda. Sindinkadziwa ngati malowo adzawafunanso. Chimenecho ndicho chinkandidya. Akanangotumiza liwu limodzi, kaya "ndafika" kaya "ndikubwera", ndikanadziwa chochita. Ndinamutukwana mumtima, kenako ndinamupempherera, kenako ndinamutukwananso.

Mayi wa malipiro anaimba foni ya pa tebulo kufunsa ngati ndikufuna anthu alandire mwezi uno kapena wamawa.

Kuti nditseke Lachisanu ndinkafunika nthawi yoona imene anatuluka, choncho ndinathamangira kwa mlonda wa pa geti. Anati anamuona akutuluka nthawi ya chakudya chamasana, wopanda chikwama, akuimba kamluzu, n'kunena kuti akukagula magwinya, mandasi a kuno. Chikwamacho ayenera kuti anachisungitsa kwina. Ndinalemba nthawi imeneyo. Ndinaika rula pa Lolemba n'kudula zidindo zonse ndi mzere umodzi, Lachiwiri chimodzimodzi, pambali n'kulemba kuti sanabwere. Kapitawo anasayina osandiyang'ana. Ndinakwera nawo mulu wonse, mayi wa malipiro anaulandira akudandaula za kuchedwa, ndipo khadi lija analiponya m'kabokosi ka ochoka osaliwerenga kawiri.

Tsiku lotsatira pa benchi yopala matabwa panali munthu wina, bambo wamtali wa ku Tsholotsho amene anali ataima pa geti kuyambira chilimwe.

Bambo a ku Chipata anandipeza pa mpopi nthawi ya tiyi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wa mayi anu, mayi."

Pamenepo ndinaphulika. "Atate, mukanauzana! Anthu atatu akuluakulu, kudinda khadi limodzi ngati mukupikisana! Mukanabwera kwa ine Lolemba m'mawa bwenzi titapeza nzeru ina."

"Tikanabwera n'kudzanena kuti chiyani? Inuyo munatiuza kuti wapita?"

Ankanena zoona, nanenso sindinauze munthu. Tinatsuka makapu athu. Iwo sanadziwe kuti ntchito yawo inali pa rula yanga, ndipo sindinawauze. Mtsikana wa ku Mabutweni anasiya kundipatsa moni. Bambo wa ku Mangochi yekha ndiye anabwera pakhomo la ofesi, anaima pang'ono, anati, "Chemwali, ndamva," n'kubwerera.

Masabata amene anatsatira ndinkagona ndi foni m'manja, kudzuka nayo, kupita nayo kubafa. Nambala iliyonse yachilendo mtima unkagunda. Tsiku lina ndinkadziuza kuti ali ku Joni, akugona pa katoni m'chipinda cha anthu khumi, akuchita manyazi kuimba asanapeze ntchito. Tsiku lina ndinkaganiza za mtsinje wa pamalire. Kumudzi amayi akaimba ndinkati ali bwino, ali kuntchito, foni yake ndi imene yawonongeka.

Lamlungu lina masana ndikuchokera kutchalitchi ndinamupeza mlongo wanga atakhala pa sitepe ya pakhomo, mwana wanga atamukolekera m'khosi. Anali atawonda, milomo itang'ambika, kumapazi atavala mapatapata a mitundu iwiri. Ndinafuna kumumenya ndi Baibulo. M'malo mwake ndinakhala pansi pomwepo ndi zovala za kutchalitchi n'kulira mokweza, aneba mpaka kusuzumira pa mpanda.

Sanawoloke n'komwe. Malayitsha anamutsitsa pamodzi ndi anzake a paulendo m'tchire tsidya lino la mtsinje, n'kuwauza kuti adikire munthu wowaolotsa. Amene anabwera anali achifwamba. Anawalanda mafoni, zikwama, nsapato. Anayenda wapansi kubwerera ku Beitbridge, kumene ananyamula katundu wa anthu pa siteshoni mpaka atapeza yokwerera basi. Ankafotokoza akuseka, monga mwa khalidwe lake, akutsanzira mmene mnzake wina anathawira atavala kabudula wamkati yekha. Ndinamutenthetsera madzi, anasamba, anadya ngati sadzadyanso.

Atakhuta anatambasula miyendo n'kunena kuti, "Ndiye mawa ndilowe shifiti ya m'mawa, eti achemwali? Kapitawo andikalipira, koma ndipepesa. Kutchire kuja ndinkangodziuza kuti zivute zitani, khadi langa lili m'manja mwa achemwali anga."

Ndinali ndikupukuta mbale. Ndinaipukuta mpaka inalira.

"Malo ako anapita," ndinatero. "Ndinalemba kuti unachoka."

"Analemba ndani?"

"Ine."

Ndinamufotokozera zonse, za zidindo zitatu, za kamera, za adzukulu a bambo a ku Chipata. Pa zidindo zitatu anayamba kuseka, koma kuseka kunathera panjira. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinali nditakonzeka kumubwezera, mawu anali atadzaza m'kamwa: unanditsanzika iwe, unaimba iwe? Koma sanandipatse mpata. Anayang'ana mapatapata ake aja n'kunena kuti, "Chabwino, achemwali." Mpaka lero ndimaona kuti ndinalemba zoyenera, koma "chabwino" ameneyo sanachoke m'makutu mwanga.

Lolemba anadzuka ine ndisanadzuke, anasita malaya, anabwereka nsapato kwa mwana wa eni nyumba. Tinakwera khombi imodzi kuchoka ku Nketa, iye atanyamula kachikwama kanga ka chakudya pamiyendo. Titafika ku Donnington, amuna a pa geti anali atafika kale, manja m'matumba chifukwa cha mphepo. Anandipatsira kachikwama kanga.

"Muyende bwino, mabhalane," anatero, akuyesa kumwetulira.

Mlonda ananditsegulira kageti kakang'ono, ndinalowa. Mlongo wanga anabwerera pang'ono n'kukaima kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa anthu amene anafika iye asanafike.